Chipoka: Siteshoni Pomwe Njanji Inakumana ndi Nyanja

Njanji ya dziko lino inayalidwa kuchokera ku Marka m'boma la Nsanje mpaka ku Mchinji, ndipo nthambi ina inapatukira pa Nkaya kulowera ku Nayuchi. Nyanja nayo inatenga mbali yaikulu ya kum'mawa kwa dzikoli. Koma malo amene ziwirizi zimakhudzana ndi amodzi okha: pa Chipoka, m'dera la mfumu Ndindi, makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa tauni ya Salima. Madoko ena atatu akuluakulu, la Monkey Bay, la Nkhata Bay ndi la Chilumba, onse amadalira msewu. Pa Chipoka pokha ndi pomwe bogi ya sitima ya pamtunda imatha kufika mpaka m'mphepete mwa madzi.

Mu 2025 zinakwana zaka 90 chifikireni njanji pamalopa. Ana ambiri amene akukula pa Chipoka lero sanaonepo munthu akugula tikiti pa siteshoni ya kwawo, choncho nkoyenera kuwafotokozera kuti siteshoniyi anaimangiranji, inkagwira ntchito yanji, ndipo chinaizimitsa nchiyani.

Chiyambi chake

Nkhaniyi imayambira pa mtsinje wa Shire. Azungu oyamba, amishoni ndi amalonda a kampani ya Mandala, ankalowa m'dziko muno pa madzi: kuchokera ku nyanja yamchere, kukwera Zambezi, kulowa Shire, kulambalala mathithi wapansi katundu ali pamutu pa amtengatenga, kenaka kukweranso sitima mpaka kunyanja. Njira imeneyi inayamba kuvuta madzi atachepa. Cha m'ma 1915 nyanja inatsika kwambiri moti inaleka kuthira madzi mu Shire, mchenga ndi bango zinatseka pakamwa pa mtsinjewo, ndipo zinakhala choncho kwa zaka pafupifupi 20. Sitima za pamadzi zinatsekeredwa m'nyanja, pamene njanji, yomwe inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald (Nsanje ya lero), inathera komweko. Pakati pa Blantyre ndi nyanja panatsala mpata waukulu wodalira misewu yafumbi, yomwe nyengo ya dzinja inkasanduka matope okhaokha.

Mu 1930 kunakhazikitsidwa kampani ya Nyasaland Railways, imene inatenga njanji za makampani awiri akale, Shire Highlands Railway ndi Central Africa Railway. Akuluakulu ake ankakhala ku London, pamene ntchito za tsiku ndi tsiku zinkayendetsedwa ku Limbe. Ntchito ziwiri zazikulu zinayendera pamodzi m'zaka zimenezo. Yoyamba inali mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, umene unathetsa vuto lowolotsa katundu pa madzi kuti akakwere sitima ya ku Beira. Yachiwiri inali njanji yolowera kumpoto, yotalika makilomita oposa 250, yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka, Sharpevale, Golomoti ndi Mtakataka, kutsata chigwa chomwe chili pansi pa mapiri a Ntcheu ndi Dedza. Zonse ziwiri zinatsegulidwa mu 1935.

Maganizo oyamba anali akuti njanjiyo ikathere ku Domira Bay, kumpoto kwa Salima, ndipo doko likhale kumeneko. Sizinatero. Njanji inathera pa Salima, mtunda ndithu kuchokera kugombe, ndipo udindo wolandira sitima za pamadzi unagwera Chipoka, pomwe njanji inali itadutsa kale pafupi ndi madzi. Kuyambira pomwepo masiteshoni awiriwa anagawana ntchito. Salima inkalandira malole otsika ndi fodya kuchokera ku Lilongwe ndi Dowa komanso thonje la m'chigwa. Chipoka inayang'ana kunyanja: ku Nkhotakota, ku Likoma, ku Nkhata Bay mpaka ku Karonga.

Tisabise kuti njanjiyi sanaimangire anthu a kwa Ndindi. Cholinga cha atsamunda chinali kutulutsa mbewu kupita ku Beira ndi kulowetsa katundu wa m'masitolo, komanso ankayembekeza kukoka malonda a ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata. Ngongole za njanji, makamaka za njanji ya Trans-Zambezia yomwe inali m'dziko la Apwitikizi koma boma la Nyasaland linailonjeza kuti lidzailipirira ikamaluza, zinalemera pamutu pa anthu olipira msonkho kwa zaka zambiri. Katswiri wa mbiri yakale, Leroy Vail, analemba mu 1975 kuti njanji zimenezi zinathandiza kusaukitsa dziko m'malo molitukula, chifukwa ndalama zomwe zikanamanga sukulu ndi zipatala zinkapita kokabweza ngongole, ndipo mitengo yonyamulira katundu inali yokwera kwambiri. Ena anamutsutsa pa kukula kwa vutolo, koma mfundo yakuti mlimi wamba analipira zambiri kuposa zomwe anapindula m'zaka zoyambazo ndi yovuta kuikana.

Zaka zoyamba ndi mavuto ake

Njanji inafika pa nthawi yoipa. Chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitagwa kuyambira mu 1929, mitengo ya fodya ndi thonje inali pansi, ndipo katundu amene ankayembekezeka sanabwere wochuluka. Dera la m'mphepete mwa nyanja nalo linali ndi zake: malungo, kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndi mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza imene dzinja lililonse inkaopseza milatho.

Kampani ya njanji inazindikira msanga kuti doko lopanda sitima zodalirika ndi lopanda pake, choncho inayamba kuyendetsa yokha sitima za panyanja. Yoyamba inali Mpasa, yonyamula katundu. Kenaka kunabwera Vipya, yonyamula anthu, yomwe inayamba maulendo mu 1946. Pa 30 Julaye chaka chomwecho, isanathe ngakhale miyezi iwiri ikugwira ntchito, Vipya inakumana ndi namondwe ikuchokera ku Mbamba Bay, nigubuduzika pafupi ndi Florence Bay, komwe lero timati Chitimba. Anthu 145 anafera m'madzi. Mpaka lero palibe ngozi ina ya sitima yoposa imeneyi pa nyanja yathu, ndipo kwa zaka zingapo anthu a kumpoto anasowa sitima yeniyeni yowafikitsa pa njanji.

Mpata umenewu unatsekedwa ndi Ilala. Anaipanga ku Scotstoun, mu mzinda wa Glasgow, pa kampani ya Yarrow mu 1949, naiphwasula zidutswazidutswa, naitumiza pa nyanja yamchere mpaka ku Beira. Kuchokera kumeneko zidutswazo zinakwera sitima ya pamtunda, kuwoloka Dona Ana, kukwera mapiri a Thyolo ndi Blantyre, kutsikira m'chigwa, mpaka pa Chipoka. Atailumikizanso, inayamba ntchito mu 1951. Dzina lake inatengera kwa Ilala yoyamba ya amishoni a Livingstonia, imene inalowa m'nyanja mu 1875. Aliyense amene anakwerapo Ilala ayenera kudziwa kuti chitsulo chimene anapondapo chinadzera pa siteshoni ya Chipoka chisanalawe madzi.

Masiku amene sitima ziwiri zinkakumana

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, Chipoka inali khomo la chigawo cha kumpoto. Msewu wa tala wolumikiza Blantyre ndi Mzuzu kunalibe kwa nthawi yaitali, ndipo wa m'mbali mwa nyanja unkadukaduka mvula ikagwa. Mtonga wa ku Nkhata Bay wopita kukafuna ntchito ku Salisbury kapena ku Joni, mwana wa ku Likoma wopita kusukulu kummwera, mphunzitsi wosamutsidwa kupita ku Karonga, msilikali wopita kutchuthi, ambiri a iwo ankatsika sitima ina pano nkukwera inzake. Ena mwa amene anadutsa pa siteshoniyi sanabwererenso, anasanduka matchona. Ena anabwera patapita zaka ndi njinga, makina osokera, galamafoni ndi sutikesi yachitsulo, katundu yense nkutsitsidwa m'bogi kupita naye padoko.

Katundu wa malonda naye ankasinthana njira pomwepa. Wokwera kumpoto anali shuga, mchere, sopo, palafini, simenti, malata, ndipo kenaka feteleza. Wotsika kummwera anali mpunga wa ku Karonga ndi ku Nkhotakota, thonje, mtedza, chinangwa chouma, ndi zina zolimidwa m'mbali mwa nyanja. Sitima za katundu zinawonjezeka: Nkwazi m'zaka za m'ma 1950, Karonga m'ma 1970. Chauncy Maples, yomwe kale inali ya amishoni a Anglican, anaikonzanso kuti izinyamula anthu, ndipo mu 1980 kunabwera Mtendere.

Ntchito pa siteshoni inali ndi dongosolo lake. Pamwamba panali sitesheni masitala, amene ankalola sitima kulowa ndi kunyamuka atalumikizana ndi masiteshoni oyandikana nawo pa lamya ya njanji. Pansi pake panali kalaliki wa matikiti, kalaliki wa katundu amene ankayeza ndi kulemba chilichonse cholowa m'shedi, osintha njanji ndi olumikiza mabogi, alonda, ndi gulu la okonza njanji lomwe linkayenda mtunda wautali tsiku lililonse kuyang'ana zomangira zomasuka ndi malo okokoloka. Kudoko kunali woyang'anira doko ndi anthu ake onyamula katundu. Pa nthawi ya atsamunda maudindo amenewa ankatsata khungu: apamwamba anali a azungu, apakati ambiri anali a amwenye, ndipo Amalawi ankapatsidwa ntchito za thukuta ndi malipiro ochepa. M'mabogi a anthu namonso munali tsankho lomwelo. Nzosadabwitsa kuti ogwira ntchito pa njanji anali m'gulu la oyamba kukhazikitsa bungwe lowayankhulira, ndipo mu 1960 ananyanyala ntchito. Ufulu utabwera mu 1964 kampaniyo inatchedwa Malawi Railways, boma linaitenga m'manja mwake, ndipo pang'onopang'ono Amalawi anayamba kukhala pa mipando imene kale ankangoisesa.

Chimene chiyenera kumveka bwino pa dongosolo limeneli nchakuti njanji, doko ndi sitima za pamadzi zinali za mwini mmodzi. Ndandanda ya maulendo inkakonzedwa ndi ofesi imodzi, moti sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi zinkadziwana. Katundu akachedwa, wodandaula ankadziwa khomo loti agogode. Moyo wa Chipoka unakhala ngati mphika wa pa mafuwa atatu: njanji yoyenda, sitima ya pamadzi yobwera pa tsiku lake, ndi madzi akuya mokwanira padoko. Mbiri yonse yotsatira ndi ya mmene mafuwawo anachokera limodzilimodzi.

Kunja kwa mpanda wa siteshoni kunamera tauni. Tsiku la sitima linali tsiku la msika. Amayi ankabwera ndi chambo chowamba, usipa ndi utaka wouma pathandala, mpunga wophika, mango, nthochi ndi thobwa, nkumagulitsira pamawindo a mabogi. Kunatsegulidwa nyumba zogona alendo, malo omwera tiyi, ndi masitolo. Asodzi anapeza njira yofikitsira nsomba ku Balaka, Limbe ndi Blantyre zisanaonongeke. Njanji imene anaimangira fodya ndi thonje, anthu wamba anaipezera ntchito yawoyawo, ndipo m'maganizo mwanga phindu lenileni la siteshoniyi kwa anthu a Salima linali limeneli.

M'zaka zimenezi injini za malasha zinalowedwa m'malo ndi za dizilo. Mu 1970 kunatsegulidwa njanji ya ku Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, njanji inapitirizidwa kuchokera ku Salima ndi thandizo la dziko la Canada, nifika ku Lilongwe mu 1979 ndipo posakhalitsa ku Mchinji. Chipoka sinalinso pafupi ndi mathero a njanji. Inakhala pakati pa mizinda iwiri ikuluikulu ya dziko.

Nkhondo ya ku Mozambique

Kutukuka komaliza kwa Chipoka kunabwera ndi tsoka la anansi athu. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo itakula, njanji ya ku Beira inatsekeka cha m'ma 1983, ya ku Nacala inatsatira mu 1984, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Dziko lomwe katundu wake wakunja pafupifupi yense ankadzera pa njanji ziwirizi linatsala likudalira malole ochokera ku Durban, ulendo wa makilomita zikwi zingapo, ndipo mitengo ya zinthu inakwera moopsa.

Boma ndi mabungwe othandiza, kuphatikizapo Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, anakonza njira ya kumpoto. Katundu ankatsika pa doko la Dar es Salaam, kukwera njanji ya TAZARA mpaka ku Mbeya, kulowa m'dziko muno pa msewu mpaka ku Chilumba, kuyenda panyanja mpaka pa Chipoka, nkukweranso njanji kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Chifukwa cha njira imeneyi doko la Chipoka linakonzedwanso kuti lizitha kulandira makontena ndi mafuta agalimoto. Panaikidwa chikepe chachikulu chonyamulira makontena ndi matanki osungiramo mafuta. Sitima ya Ufulu inkanyamula mafuta, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera Katundu, yonyamula makontena.

Koma njirayi inali ndi kutsitsa ndi kukwezanso kochuluka: ku Mbeya, ku Chilumba, pa Chipoka. Paliponse pamene katundu wasintha chonyamulira pamalowa ndalama ndi masiku. Ntchito yomanga itangotha, mbali ziwiri za ku Mozambique zinasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, njira zazifupi zinayamba kutseguka, ndipo amalonda anabwerera kumene kunali kotchipa. Zida zatsopano za pa Chipoka sizinagwire ntchito yofanana ndi kukula kwake.

Kugawanika

M'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kugulitsa ndi kubwereketsa makampani ake. Malawi Railways inagawidwa pawiri: mbali ya njanji payokha, mbali ya panyanja payokha pansi pa dzina la Malawi Lake Services. Mu Disembala 1999 njanji inaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways, yodziwika kuti CEAR. Sitima za panyanja zinapita kwa Glens Waterways mu 2002, kenaka mu 2010 kwa Mota-Engil kudzera mu Malawi Shipping Company.

Panali zifukwa zomveka zochitira zimenezi, pakuti kampani ya boma inkaluza ndalama zambiri. Koma pogawana chumacho, malo okumanirana anasowa mwini. Woyendetsa njanji ankawerengera phindu la njanji, woyendetsa sitima za pamadzi ankawerengera la pamadzi, ndipo panalibe amene phindu lake linkadalira kuti ziwirizi zikumane pa Chipoka pa ola limodzi. Ine ndimaona kuti bala lalikulu la siteshoniyi ndi limeneli, kuposa mvula ndi mchenga.

Mvula ndi mchenga nazo zinachita mbali yake. Kumayambiriro kwa 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa njanji pa mtsinje wa Rivirivi pafupi ndi Balaka, ndipo chigawo chonse chapakati chinadulidwa kwa zaka pafupifupi ziwiri. Pamene mlathowo unkamangidwanso, eni katundu anali atazolowera malole, ndipo apaulendo anali atazolowera maminibasi ndi matola pa msewu wa M5, womwe umayenda moyandikana ndi njanji. Sitima ya anthu yochokera ku Limbe inayamba kuthera ku Balaka ndi ku Bilila, ndi kupatukira ku Nayuchi. Pa Chipoka zenera la matikiti linatsekedwa.

Ilala inapitirizabe kuima padoko kwa zaka zina, Lachisanu ikamakwera kuchokera ku Monkey Bay ndiponso ikamabwerera sabata yotsatira, apaulendo nkumafika pa basi m'malo mwa sitima. Kenaka m'zaka za m'ma 2010 nyanja inatsikanso. Mitsinje ngati Linthipe ndi Lifidzi imabwera ndi dothi lambiri chifukwa mitengo inatha m'mapiri omwe imachokera, ndipo mphepo ya mwera imakankhira mchenga m'mbali mwa gombe. Padoko panasanduka posaya, sitima zazikulu sizikanathanso kuyandikira, ndipo Ilala inayamba kuima ku Senga Bay, komwe anthu amafika nayo pa maboti ang'onoang'ono. Fuwa lachitatu linachoka pamenepo.

Ndalama zazikulu za njanji m'zaka zomwezo zinapita kwina. Kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga ndi kukonza njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kudzera pa Nkaya kupita ku Nacala. Imeneyo imadutsa dziko mopingasa, kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, kutali ndi Chipoka.

Mmene zilili lero

Siteshoni ya Chipoka sinafufutidwe pa mapu a njanji. Njanji yochokera ku Nkaya kupita ku Kanengo ndi ku Mchinji, yomwe kuyambira mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata, imadutsabe pomwepo, ndipo sitima za katundu zimayendamo njanjiyo ikakhala bwino. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafika ku Lilongwe koyamba patapita zaka zoposa 20, ndipo njira yake inali yomweyi ya pa Golomoti, Chipoka ndi Salima. M'chaka chomwecho nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina za alendo ku Salima ndi ku Mangochi, umboni wakuti kuya kwa madzi padoko kumasintha ndi zaka, monga kunasinthira mu 1915, m'ma 1930, ndi mu 1980 pamene inafika pamwamba kwambiri.

Umwini wa njanji ndi madoko uli m'manja mwa boma kudzera mu unduna woona za mtengatenga, womwe uli ndi nthambi ya za njanji ndi nthambi ya za maulendo a pamadzi. Kuyendetsa sitima za pamtunda kuli ndi CEAR, imene masiku ano imagwira ntchito pansi pa dzina la Nacala Logistics. Ndondomeko ya boma ya zamtengatenga ya zaka za 2017 mpaka 2037, pamodzi ndi masomphenya a Malawi 2063, zimanena zochotsa katundu wolemera pa misewu kumuika pa njanji ndi pamadzi, pofuna kuchepetsa mtengo wonyamulira ndi kuteteza misewu yomwe malole akuiphwanya. Zimenezi sizingachitike kumpoto kwa dziko popanda Chipoka, chifukwa kumpoto kulibe njanji, ndipo malo ena osinthira katundu kuchoka m'bogi kulowa m'sitima ya pamadzi palibe.

Ntchito zofunika nzodziwika. Pakhomo pa doko payenera kukumbidwa, osati kamodzi kokha koma mobwerezabwereza, ndi bajeti yake chaka ndi chaka. Chikepe cha makontena, matanki ndi kanjanji kolowera kudoko ziyenera kuunikidwa ndi kukonzedwa. Milatho ya pakati pa Balaka ndi Salima iyenera kulimbitsidwa poganizira mvula ya masiku ano, ndipo mafumu ndi apolisi akumidzi ayenera kuthandizana ndi eni njanji kuthana ndi kuba zitsulo ndi kulima m'mphepete mwa njanji. Mitengo ya m'mapiri a Dedza ndi nkhani ya dokoli mofanana ndi mmene ilili nkhani ya nkhalango. Pamwamba pa zonse pafunika ofesi imodzi imene idzayankhe ngati bogi yafika koma sitima ya pamadzi palibe.

Pakadali pano moyo wa tauniyi wasamukira kumsewu ndi kugombe. Mabasi ndi maminibasi a pakati pa Salima, Golomoti ndi Balaka amaima pa M5, akabaza amadikira pomwepo, ndipo nsomba za asodzi a pa Chipoka zimapita ku Lilongwe pa galimoto. Sitima ya anthu ikadzayambanso kupitirira Bilila, oyamba kupindula adzakhala amalonda ang'onoang'ono a nsomba, mpunga ndi tomato a ku Sharpevale, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka, amene lero gawo lalikulu la phindu lawo limathera pa kulipira galimoto.